Bala Lopanda Chotupa: Zolemba za Namwino Wophunzira za Njoka ya Coral

Lolemba, kumayambiriro kwa Epulo

Pachipatala chimene ndayamba ntchito kuno ku Florida, namwino watsopano aliyense wa kuchipinda cha ngozi amapatsidwa mutu woti auphunzire bwinobwino nyengo yotentha isanafike pachimake. Ine wanga ndi wa njoka. Ndinaulandira mtima uli m'malo, poti pa zaka zimene ndinagwira ntchito pachipatala cha boma kwathu ku Malawi ndinaona miyendo yambiri yolumidwa ndi mphiri: yotupa mpaka m'ntchafu, matuza akuda bii, fungo la mnofu woyamba kuola. Njoka zambiri zaululu za kuno zimachitanso chimodzimodzi. Rattlesnake, cottonmouth ndi copperhead n'zabanja limodzi ndi mphiri, ndipo bala lake limadzinenera lokha. Umatenga cholembera, n'kujambula mzere pamene chotupa chalekezera, kenako n'kumabwerako kudzaona ngati chadutsa.

Yandiimitsa mutu ndi coral. Kanjoka kowonda, nthawi zambiri kosafika n'komwe mita imodzi, ka mizere yofiira, yachikasu ndi yakuda yozungulira thupi lonse mpaka kumimba. Kamutu n'kobuntha, kukamwa kwakuda. Kamakhala pansi pa masamba ouma, mumchenga ndi m'zipika zofumbwa, ndipo kamadya tinjoka tinzake ndi abuluzi. Si kandewu, kakaona munthu kamabisa mutu. Koma mtundu wake ndi wa mamba ndi songo, banja limene a sayansi amalitcha Elapidae, ndipo ululu wake sulimbana ndi mnofu wa pabala. Umapita kukatseka njira imene ubongo umalamulira minofu.

M'dziko muno muli mitundu itatu. Wa kuno ndi Micrurus fulvius, umene umapezeka kuyambira ku North Carolina kutsetsereka mpaka ku Florida, n'kukhotera chakumadzulo mpaka kum'mawa kwa Louisiana. Tsidya lija la mtsinje wa Mississippi kuli Micrurus tener, wa ku Texas. Wachitatu ndi kakang'ono ka ku Arizona, Micruroides euryxanthus, kamene sikanamvekepo kuti kapha munthu. Ukatsikira ku Mexico mpaka ku Argentina, mitundu ndiye ndi yambirimbiri. Bungwe la CDC limati chaka chilichonse anthu 7,000 mpaka 8,000 amalumidwa ndi njoka zaululu ku United States, ndipo amene amafa amakhala pafupifupi asanu. Pa onsewo, olumidwa ndi coral safika ngakhale 100. Ndiye kuti namwino akhoza kukalamba pantchito osamuonapo wodwala wotere, ndipo tsiku limene adzamuone sadzakhala ndi chizolowezi chomuthandiza, koma zimene anawerenga basi.

Lachitatu

Aliyense amene ndamuuza mutu wanga, kuyambira wokolopa mpaka dokotala, wandilakatulira kandakatulo kamodzimodzi. Ana a kuno amakaloweza ali aang'ono. Mfundo yake ndi yakuti uziyang'ana mizere yoyandikana: wofiira ukagundana ndi wachikasu, njokayo ndi yaululu, ukagundana ndi wakuda, ndi yongofanana nayo, monga scarlet kingsnake, imene ilibe ululu uliwonse.

Kandakatuloka sindinakakonde. Pa njoka zambiri za kuno kamanena zoona, koma pali zina zimene zimabadwa ndi mizere yosokonekera, zina pafupifupi zakuda thupi lonse. Ukangolowa ku Central America ndi South America kamatheratu ntchito, chifukwa kumeneko kuli ma coral aululu woopsa amene wofiira wawo umagundana ndi wakuda. Komanso munthu amene mtima ukumugunda thithithi, kanjoka kali pansi pa phazi la mwana wake, angakumbukire kuti mzere uti uli mbali iti? Choipa kwambiri n'chakuti kamapatsa anthu mtima wotola njoka. Olumidwa ambiri amalumidwa kuchala kapena kudzanja, ndipo nkhani yawo imayamba mofanana: ndimayesa ndi kingsnake.

Palinso bodza lina lofala, lakuti coral ili ndi mano kumbuyo kwa kamwa ndipo siingakuthire ululu pokhapokha itakutafuna nthawi yaitali. Mano ake ali kutsogolo, ngaafupi, osapindika ngati a mphiri. N'zoona kuti ikaluma imakonda kukakamira, koma ngakhale kujompha kamodzi n'kokwanira. Mayi amene akundiphunzitsa ntchito, amene akhala zaka zambiri kuchipinda cha ngozi, anandiuza mafunso oyamba kufunsa: Inakakamira kodi? Munachita kuikutumula kapena kuikoka kuti ichoke? Inali nthawi yanji? Pali amene anaijambula?

Loweruka

Tsiku lonse ndakhala ndi lipoti la madokotala awiri a ku Gainesville, Kitchens ndi Van Mierop, limene linatuluka m'magazini ya JAMA mu 1987. Anatsatira anthu 39 olumidwa ndi coral ya kuno. Ndi lakale, koma pafupifupi chilichonse chimene ndawerenga chimabwerera kwa iwo.

Chimene ndikuyenera kuzolowera n'chakuti pabala palibe choona. Pamakhala timabowo tosaoneka bwino, mwina kokandika chabe, mwinanso osapeza kanthu n'komwe. Kutupa kulibe, kapena n'kochepa. Ena amamva dzanzi ndi kunyerenyetsa, ena ayi. Munthu amalowa akuyenda yekha, akuseka, akuchita manyazi kuti wavutitsa anthu ndi nkhani yaing'ono. Ndipo akhoza kukhala choncho, bwinobwino, mpaka maola 12 kapena 13. Chiwerengero chimenechi ndachilemba pachikuto cha kope langa. Wolumidwa 4 koloko madzulo akhoza kuyamba kudwala m'bandakucha, ali kunyumba, aliyense ali m'tulo.

Kufooka kukayamba kumayambira kumutu n'kumatsika. Zikope zimalemera n'kugwa, munthu amaoneka wogwidwa ndi tulo. Maso amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri. Lilime limalemera, mawu amatuluka okokeka, ena n'kumamuyesa woledzera. Kumeza kumakanika, malovu amadzaza m'kamwa mpaka kuchucha. Kenako khosi, mikono, ndipo pomaliza minofu yopumira. Nseru, kusanza ndi mutu zimatha kubwera poyambirira. Imfa ikamabwera imadzera njira ziwiri: kulephera kukoka mpweya, kapena kutsamwa ndi malovu ndi masanzi olowa m'mapapo.

Chandizunguza mutu kwambiri ndi mmene ululuwu umagwirira ntchito, ndiye ndilembe m'mawu anga. Pakati pa mnyewa ndi mnofu pali kampata. Uthenga wochokera ku ubongo sudumpha wokha. Mnyewa umatulutsa kamadzi kotchedwa acetylcholine, kamene kamawoloka kampatako n'kukafikira pamalo ake olandirira, mnofu n'kukokeka. Kuti ndizimvetse ndayerekeza ndi doko la pamtsinje, pamene mabwato amanyamuka tsidya lino kukakocheza tsidya linalo. Ululu wa njoka za banja ili uli ndi zida ziwiri. China chimakakhala pokochezera, mabwato n'kumalephera kutsitsa katundu. Chinacho, chimene amachitcha phospholipase A2, chimaphwasula doko lonyamukira. Choyambacho chikhoza kugonjetsedwa ukachulukitsa mabwato, chifukwa ena amapezabe pokocheza. N'chifukwa chake ku Brazil madokotala anathandizapo anthu olumidwa ndi Micrurus frontalis powabaya neostigmine pamodzi ndi atropine, mankhwala omwe aja timagwiritsa ntchito kufiyeta podzutsa minofu ya wodwala pambuyo pa opaleshoni. Chachiwiricho chilibe chidule. Mpaka thupi limangenso dokolo, ndipo zimatenga masiku, nthawi zina masabata. Coral ya ku Florida ili ndi chida chachiwirichi chochuluka, choncho neostigmine si wodalirika pa iyo.

Pamenepa ndi pamene ndinamvetsa chiganizo chimene ndakhala ndikuchiona paliponse, chakuti antivenom, mankhwala olimbana ndi ululu wa njoka, amaletsa koma sabweza. Amagwira ululu umene ukuyandamabe m'magazi. Umene walowa kale m'mnyewa saufikira.

Ndikuwerenga za kuchedwa kwa zizindikiro ndinakumana ndi nkhani ya Karl Schmidt wa ku Field Museum ku Chicago, katswiri amene analemba zambiri za njoka za coral. Iye anaphedwa ndi njoka ya kwathu ku Africa, boomslang, mu Seputembala 1957. Inali yaing'ono, ndipo sanapite kuchipatala. M'malo mwake ankalemba zimene ankamva m'thupi. Kutacha anaona ngati wapezako bwino, masana ake anamwalira. Ululu wa boomslang ndi wina, umasokoneza magazi, koma msampha wake ndi womwewo. Ngati katswiri wotero ananamizidwa ndi maola opanda ululu, nanga bambo wongosesa masamba pakhomo?

Lachiwiri

Lero tinali ndi maphunziro ogwira ndi manja. Mayi aja anakhala pabedi ngati wodwala, ine n'kumawayeza.

Ndinayamba ndi dzanja, monga thupi langa linazolowerera. Iwo anangolibweza m'bulangeti. "Dzanjalo mwaliona kamodzi, lakwana. Tsopano yang'anani nkhope yanga."

Kayezedwe kake n'kosavuta, chovuta ndi kukabwereza ola lililonse usiku wonse pa munthu amene akukuuza kuti ali bwino. Umamuuza ayang'ane kudenga kwa kanthawi osaphethira, iwe n'kumaona ngati chikope chikutsika. Atsatire chala chako ndi maso, anene ngati chaoneka ziwiri. Atulutse lilime, afufumitse masaya, ameze kamadzi pang'ono. Adzutse mutu papilo iwe utaugwira pachipumi. Akoke mpweya wambiri n'kuwerenga mokweza mpaka mpweya uthe. Ukalemba pamene wafika, ola lotsatira uona ngati nambala yatsika. Palinso kachipangizo koyeza mphamvu imene munthu akukokera mpweya, kamene kuno amangoti NIF, ndi kena koyeza kuchuluka kwa mpweya umene angatulutse nthawi imodzi. Nambala imodzi payokha siinena zambiri. Chofunika ndi kumene manambalawo akulowera.

Ndiye pali msampha wa kachipangizo kovala kuchala koyezera okosijeni m'magazi. Ife anamwino timakakhulupirira kwambiri, ine ndemwe. Koma munthu amene minofu yake yopumira ikufooka akhoza kuonetsa 97 kapena 98, makamaka ngati tamuika pa okosijeni, pamene mpweya woipa ukuunjikana m'magazi mwake. Nambalayo ikamayamba kugwa ndiye kuti tachedwa kale. N'chifukwa chake amayezanso mpweya woipa umene munthu akutulutsa, ndipo madokotala amakonda kulowetsa paipi yopumira msanga, wodwala akadali ndi mphamvu, m'malo modikira kuti zithine. Akayamba kulephera kumeza malovu, nthawi yakwana.

Zina zing'onozing'ono: asadye kanthu mpaka tione kumene zikupita, katemera wa kafumbata ngati wake anatha, mankhwala opha tizilombo safunika pokhapokha bala litayamba mafinya, ndipo tisamale ndi mankhwala ogonetsa kapena opha ululu amphamvu, chifukwa amafooketsa kapumidwe n'kutibisiranso zizindikiro. Wa zikope zakugwa, ndi ululu wa njoka kapena ndi jakisoni wathu?

Chimene chanditsalira mumtima ndi ichi. Ululuwu sugwira ubongo. Munthu akhoza kukhala lobodo thupi lonse, maso otseka, osatha kugwedeza ngakhale chala, koma akumva chilichonse chimene chikunenedwa pambali pa bedi lake. "Muzimulankhula," anatero mayi aja. "Muzimuuza chimene mukufuna kumuchita musanamugwire. Ndipo achibale muziwachenjeza zimene akulankhula."

Lachinayi

Za mankhwala. Antivenom wa coral amapangidwa ndi magazi a mahatchi amene abayidwa ululu pang'onopang'ono mpaka thupi lawo lapanga chitetezo. Kampani ya Wyeth inayamba kumugulitsa mu 1967. Amabwera ngati ufa m'timabotolo, amasungunulidwa, n'kuperekedwa m'diripi. Poyambira ndi timabotolo titatu mpaka tisanu, ndipo mwana amalandira mlingo wofanana ndi wa wamkulu, poti njoka siichepetsa ululu poona msinkhu. CroFab ndi Anavip, amene tili nawo ambiri chifukwa cha ma rattlesnake, alibe ntchito iliyonse pa coral.

Mbiri yake yandikwiyitsa pang'ono. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Wyeth inasiya kupanga mankhwalawa, chifukwa odwala osafika 100 pachaka si msika. Timabotolo tomaliza tinayenera kutha mphamvu mu Okutobala 2008. Poti panalibe cholowa m'malo, bungwe la FDA linkavomereza kuwonjezera tsikulo, chaka ndi chaka. Pfizer, imene inagula Wyeth mu 2009, inadzayambiranso kupanga patapita zaka. Panthawi yonseyo ku Mexico kampani ya Bioclon inali ndi Coralmyn, ku Costa Rica kuli Instituto Clodomiro Picado, ku São Paulo kuli Instituto Butantan, onse akupanga mankhwala a ma coral a kwawo. Ku Miami ozimitsa moto ali ndi gulu lapadera lotchedwa Venom One, losunga ma antivenom osiyanasiyana n'kumawathamangitsira kumene akufunika.

Ndinkaganiza kuti kusowa kwa mankhwala a njoka ndi matenda a mayiko osauka. Ife ku Africa zinatichitikira ndi Fav-Afrique, amene Sanofi Pasteur inasiya kupanga mu 2014, timabotolo tomaliza n'kutha mphamvu mu Juni 2016. Chifukwa chake chinali chomwechi, masamu a malonda. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno odwala ndi ochepa koma ndalama zilipo, kwathu odwala ndi ochuluka koma ndalama palibe. Bungwe la WHO limati padziko lonse njoka zimapha anthu 81,000 mpaka 138,000 pachaka, ndipo mu 2017 linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha.

Chiyambireni kupezeka antivenom mu 1967, kuno kunatha zaka pafupifupi 40 popanda womwalira ndi coral. Mu 2006, ku Lee County konkuno ku Florida, bambo wina analumidwa, sanapite kuchipatala, ndipo anamwalira patapita maola ochepa.

Lamlungu

Pali mkangano umene ndalephera kuuthetsa m'mutu mwanga, ndipo ndaona kuti madokotala nawonso sagwirizana.

Chiphunzitso chakale, cha Kitchens ndi Van Mierop, chimati ngati njoka ndi coral ndithu ndipo yalumadi, perekani antivenom pompo, musadikire zizindikiro. Zimamveka, poti tanena kale kuti mankhwalawa sabweza zimene zawonongeka. Koma mbali inayi ilinso ndi mfundo. Si kuluma kulikonse kumene kumathira ululu. Mankhwalawa ndi a magazi a hatchi, ndipo matupi ena amadana nawo koopsa: zidzolo, kubanika, magazi kutsika mwadzidzidzi. Komanso ndi osowa ndiponso okwera mtengo. Mu 2013 akatswiri a malo olangiza za poizoni ku Florida anafalitsa kafukufuku wa anthu 387 olumidwa pakati pa 1998 ndi 2010. Poyerekeza amene anapatsidwa mankhwala asanadwale ndi amene anayamba ayang'aniridwa kaye, sanapeze kusiyana kwakukulu pa chiwerengero cha ofunika makina othandiza kupuma, pamene odana ndi mankhwalawo analipo ndithu. Kuchokera pamenepo, ena amati mugonekeni m'chipinda cha odwala mwakayakaya, muziyang'ana ola lililonse kwa maola 24, ndipo chizindikiro choyamba chikangooneka, perekani.

Ine mtima wanga ukupendekera ku chiphunzitso chakale, mwina chifukwa ndinakulira pamalo pamene namwino mmodzi amayang'anira wodi yonse usiku. Njira yodikirayi imayenda pokhapokha pali munthu wa maso pambali pa bedi, mankhwala ali m'nyumba momwemo, ndi dokotala wodziwa kulowetsa paipi ali pafupi. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, kudikira kumasanduka juga. Chimene mbali zonse zimagwirizana n'chimodzi: munthuyu asabwerere kunyumba usiku umenewo, ngakhale atachonderera bwanji. Ndipo chigamulo sichikhala cha dokotala mmodzi. Amaimba nambala ya 1-800-222-1222 n'kulankhula ndi katswiri wa za poizoni.

Lolemba

Mwachidule za ya ku Texas, poti ndi yosiyana. Iyo kawirikawiri siifooketsa thupi ngati ya kuno, koma imapweteka kosaneneka, ululu wokwera mkono wonse umene nthawi zina umafuna mankhwala amphamvu. Mu 2011 gulu la David Julius ku San Francisco linapeza chifukwa chake: muululu wake muli chida chimene anachitcha MitTx, chimene chimatsegula tizitseko ta m'minyewa yomvera kupweteka, tomwe timatseguka mnofu ukapsa ndi asidi. Julius anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2021 chifukwa cha ntchito yake yofufuza mmene thupi limamvera kutentha. Choncho zakuti bala la coral silipweteka kwambiri si za kulikonse.

Loweruka

Ndinaimbira amayi kumudzi, n'kuwafotokozera zimene ndikuphunzira. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa: "Nanga mwala wakuda alibe kumeneko, mwanawe?"

"Alibe, amayi. Ndipo inunso musamaudalire."

Anaseka, sanandikhulupirire. Sindikuwadabwa. Mwala wakuda, mphini, kuyamwa pabala, kumanga mwendo ndi luzi mpaka kuuma gwa, zonsezi zili ndi mboni zake m'mudzi uliwonse, chifukwa njoka zambiri zilibe ululu ndipo zina zaululu zimaluma osathira. Wochira amayamika mwala. Kunonso ali nazo zawo: tizipangizo toyamwira togulitsidwa m'masitolo, madzi oundana, ngakhale kugwiritsa magetsi pabala. Palibe chimene chimachotsa ululu, ndipo zina zimaonjezera bala pabala.

Zoyenera kuchita n'zochepa. Chokanipo pamene pali njoka, musalimbane nayo. Ngati n'kotheka ijambuleni muli patali. Vulani mphete ndi wotchi. Chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke. Itanani ambulansi, ndipo wolumidwayo asayendetse yekha galimoto, chifukwa maso akhoza kuyamba kuona misewu iwiri ali pakati pa ulendo. Pali njira ina imene Struan Sutherland wa ku Australia anafalitsa mu 1979, yokulunga chiwalo chonse ndi bandeji yotanuka, yothina ngati ya wobinya mwendo, n'kuchimangirira kuthabwa. Imachedwetsa ululu kufalikira popanda kutseka magazi. Pa nkhumba zoyeserera inathandiza pa ululu wa coral. Koma anthu ambiri amalephera kumanga mothina moyenera, ndipo pa rattlesnake kapena mphiri njirayi ndi yoipa, chifukwa imatsekera ululu wowoletsa mnofu pamalo amodzi. Ndiye imafuna munthu wodziwa kumanga amenenso akudziwa njoka imene yaluma.

Nditatsitsa foni ndinaganiza za olumidwa ndi songo kwathu. Zizindikiro zake n'zofanana ndi izi, kungoti iyo siidikira maola 13. Pamene antivenom palibe, kapena pali mtunda, chimene chimasunga moyo ndi kupumira munthuyo, ngakhale ndi chikwama chopopera mpweya ndi manja, anthu n'kumalandirana mpaka akafike pamene pali makina. Ululuwu umatha wokha m'thupi ngati mpweya sunaleke kulowa. Mfundo imeneyi ndikanakonda ikanamatsindikidwa kwambiri m'masukulu a anamwino kuposa mayina a njoka.

Lachisanu usiku, kumapeto kwa Meyi

Wabwera. Bambo wachikulire, ankasuntha nkhuni kuseri kwa nyumba chakumadzulo. Njoka yawaluma kuchala chamkombaphala, inakakamira, anachita kuikutumula. Akazi awo anaijambula pafoni: kukamwa kwakuda, mizere yozungulira. Pachala ndinachita kufunafuna ndi tochi kuti ndipeze timadontho tiwiri. Kutupa kunalibe.

Anali ndi nthabwala zambiri, ndipo ankafuna kupita kwawo. Vuto linali lakuti ali ndi mphumu, ndipo akayandikira mahatchi amatuluka zidzolo. Dokotala atakambirana ndi katswiri wa za poizoni anagwirizana zodikira, mankhwala ali pafupi. Anawatumiza kuchipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo poti mutuwu ndi wanga, anandilola kuwatsatira kuti ndikaphunzire kwa namwino wa kumeneko.

Ola lililonse zomwe zija. "Bambo, tayang'anani kudenga. Tsatirani chala changa. Kokani mpweya, werengani." Chakumayambiriro ankafika 38, 40. Pofika pakati pa usiku anayamba kunyansidwa nafe. "Inu anamwino, munthu sangagoneko pang'ono?" Ndinawamvera chisoni, ndipo pansi pa mtima ndinayamba kuganiza kuti njokayo sinathire kanthu.

Itadutsa 1 koloko, namwino mnzangayo anandikodola. Chikope chakumanzere chinali chitatsika pang'ono, pang'ono penipeni, moti ukanati ndi tulo. Bamboyo anali atayamba kupendeketsa mutu chagada kuti ationere pansi pa zikope, ndipo pachipumi panali makwinya a munthu amene akukweza nsidze kuti maso atseguke. Zimenezi m'mabuku ndinaziwerenga, koma sindikanazizindikira ndekha usiku umenewo. Powerenga anafika 29. Kachipangizo ka kuchala kankaonetsa 98.

Zinayenda mwachangu. Adrenaline anakokedweratu m'jakisoni n'kuikidwa pathebulo, zida zolowetsera paipi pambali pa bedi, dokotala ali chilili. Timabotolo tisanu. Ufa wake umachedwa kusungunuka ndipo sufuna kukhutchumula, umangozunguza pang'onopang'ono, manja akunjenjemera. Diripi inayamba modontheza kwambiri. Patapita kanthawi m'khosi ndi pachifuwa munatuluka zidzolo. Anaimitsa, anapereka mankhwala oletsa ziwengo, anadikira, n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Mpweya sunabanike.

Mmene kumacha zikope zonse zinali zakugwa, ankaona ziwiriziwiri, mawu anali olemera. Koma kuwerenga kunaima pa 24 ndi 25, osatsikanso, ndipo malovu ankameza. Makina opumira sanafunike.

Lachitatu

Ndinapita kukawaona asanatuluke. Mawu abwerera, chikope chimodzi chidakali cholemera, ndipo akayang'ana cham'mbali zinthu zimaonekabe ziwiri. Dokotala wawauza kuti zitha m'masiku kapena masabata angapo, ndipo asayendetse galimoto mpaka maso atakhazikika.

Anandipatsa ntchito yowafotokozera za matenda amene amatha kubwera mochedwa chifukwa cha magazi a hatchi aja. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, thupi likhoza kutentha, kutuluka zidzolo zoyabwa, mfundo kuphwanya, mwanabele kutupa. Nthawi zambiri sizoopsa ndipo zimamva mankhwala, koma munthu amene sanachenjezedwe amayesa chimfine, kapena amaopa kuti ululu wa njoka wabwerera. Ndinawauzanso kuti kulikonse kumene angadzagonekedwe m'tsogolo azinena kuti analandirapo mankhwala a magazi a hatchi ndipo thupi linadana nawo. Akazi awo analemba zonse papepala, n'kufunsa ngati nkhuni zija azitaye. Ndinati ayi, koma azisunthire kutali ndi khoma la nyumba, aziike pamalo okwera, ndipo pozigwira azivala magolovesi achikopa.